Kansomba Kogona Pamchenga

Nsomba sinafepo m'manja mwa a Mayenda. Amatero okha, ndipo amatero mokweza, poti munthu amene adayamba ndi kumata matayala m'mbali mwa msewu mpaka kumanga hotela yosanja alibe chifukwa chonong'onera. Mayiko adawapondaponda, madoko adawaona. Koma mlamu wawo, wogulitsa nsomba mumsika, ankangoti, "Thanki yagalasi yowetera nsomba mugula, alamu, koma nzeru sagula."

Tsiku lotsegulira hotela alendo adaunjikana pathanki yagalasi imene inali pakhomo. Munalibe nsomba zofiira zakunja zija. Munali mchenga, miyala yoterera, pampu yothamangitsa madzi, ndi kansomba kamodzi kotalika ngati chala, kamene a Mayenda adakakagwira okha mumtsinje wa kuseri, atapinda buluku. Mutu waukulu, maso pamwamba ngati a chule, thupi lamawangamawanga lofanana ndi mchengawo. Kanali phee pansi.

Mlamu adasuzumira, nkuseka mpaka kutsamwa.

"Alamu, mwatiitanira maliro? Nsomba ndiye ntchito yanga ine. Yogona chonchi ndimaipatsa amphaka!"

Alendo adayamba kukodolana. Akazi awo a Mayenda adayang'ana kumbali. A Mayenda adadziwa kuti dzina lawo lonse linali pa kanthu kosagwedera ako. Koma adakweza mawu.

"Ngati kafa, katulutseni, alamu. Muonetse anthu."

Mlamu sadavule n'komwe jekete. Adapisa mkono mpaka m'khwapa. Kansomba kadangoti lowu pansi pa mwala. Atagubuduza mwalawo, kadatulukira kwina, nkukamatirira pagalasi, pomwe madzi a pampu amawomba kwambiri. Madzi adakankha, iko osasuntha, kakumuyang'ana ndi maso ake apamutuwo.

"Senderani pafupi, anthuni, muone pamimbapo," adatero a Mayenda, chifuwa chili patsogolo. "Zipsepse ziwirizo zidalumikizana ngati kambale. N'zomwe kamagwirira pamwala mtsinje ukamathamanga. Sikayandama aka, kwawo ndi pansi. Alamu angawa amadziwa nsomba zapatebulo, zong'ambidwa pamimba, ntchentche zili ng'waa. Yamoyo adaionapo liti?"

Chiseko chidaphulika mpaka alonda kugeti. Mlamu adaima poteropo, madzi akuchucha m'jekete kugwera munsapato, akufunafuna ndi maso mlongo wake, akazi a Mayenda aja. Mlongoyo anali atatseka pakamwa ndi dzanja, mapewa akugwedezeka.

A Mayenda adakodola woperekera zakumwa.

"Apatseni chopukutira alamu angawa. Chija chokolopera. Matawulo ndi a alendo."