Tsiku Lobadwa la Malume Chikwanje

Ku Chipoka mukafunsa kwa a Binali, anthu amangoyang'anana. Koma tangonenani kuti mukufuna kwa Malume Chikwanje, ngakhale mwana wamamina akulozerani nyumba ya mpanda wa bango ija, kuseri kwa njanji.

Chikwanjeyo sanali munthu ayi. Anali wa m'sewero la pawailesi limene a Binali ankachita akali ndi mphamvu zawo, malume wankhanza wolanda katundu wa akazi amasiye, wa kuseka kochokera m'mimba, koti ukakumva thupi limachita tsembwe. Sewerolo linatha kalekale, a Binali n'kubwerera kwawo kumakasoka maukonde, koma dzinalo linawakakamira ngati chisoso pa thalauza. Kumsika, Chikwanje. Kumaliro, Chikwanje. Ngakhale potuluka mu mzikiti Lachisanu, ankapezeka ndithu wina wowakoka mkanjo: "Tasekani pang'ono, malume!" Zinkawapweteka, koma akanadandaulira yani?

Tsiku lina mwana wawo Asma analawirira kusesa bwalo mpaka kunja kwa mpanda. Kunkabwera alendo. Ahmad, mnyamata wofuna kumukwatira, anali atanena kuti mayi ake, a Tausi, akana kutumiza ankhoswe asanadzaone okha pakhomopo. Mayiwo anali amasiye, osalankhulalankhula, ndipo akakana chinthu, chathera pomwepo.

"Baba," anatero Asma, "lero lokha muzilankhula motsitsa. Ndipo chonde musaseke."

"Iwe, m'nyumba mwanga momwe ndisaseke?"

"Lero lokha, baba."

A Binali anamuyang'ana mwanayo. Anamumvera chisoni, navomera.

Alendo anafika dzuwa litakwera. Anapatsana salamu, nakhala pakhonde, tiyi ndi zitumbuwa n'kubwera. A Binali ankalankhula ngati wodwala malungo, za mwera umene wavuta chaka chino, za usipa umene wathawira kutali. Ndipo zinkayenda! A Tausi anatenga chitumbuwa chachiwiri, nafunsa kuti wakazinga ndani. Ahmad anayang'ana pansi akumwetulira.

Pamenepo ndi pamene mai Eliza a nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda, wailesi ili m'mwamba.

"A Chikwanje! Akukutchulani! Eee, tsiku lanu lobadwa inu n'kukhala duu?"

Kalanga ine, a Binali anali ataiwaliratu. Tsikulo ngakhale eni ake sankalikhulupirira, analemba mongoganizira ndi kalaliki wa ziphaso. Koma wailesi ya m'boma muno siiwala. Muulutsi wake, Yamikani, ali ndi pologalamu yoyamikira alembi, azisudzo ndi oimba pa tsiku lawo lobadwa, ndipo lero kunali kwa a Binali. Posakhalitsa pampanda panadzaza mitu, ena ndi mawailesi, ena ndi mafoni. Foni ya a Binali inayamba kulira m'thumba, kulira kwake n'kumamvekanso m'mawailesi onsewo. Akanatani? Kuthawira m'nyumba, alendo ali pakhonde? Kuizimitsa, boma lonse likumva? Anayankha.

"Mafuno abwino, Malume Chikwanje!" anakuwa Yamikani. "Katswiri wa akatswiri! Omvera aimba kuchokera ku Chitala, ku Chinguluwe, onse pempho ndi limodzi. Tisekereni kamodzi!"

"Zikomo, mwanawe," anatero a Binali motsitsa. "Dzina langa ndine Binali. Ndili ndi alendo, ndiye pakhosi sipali bwino."

"Aaa, akuchita manyazi madala! Musadandaule, ife tinasunga."

Ndipo mawu aja anatuluka, mawu awo enieni a pa unyamata, onenepa, kuchokera kumbali zonse za mpanda.

"Sasulani malatawo! Mkazi anabwera ndi chitenje chimodzi, apite ndi chitenje chimodzi!"

Kenaka kuseka kuja. Anthu pampanda anaomba m'manja, ena akutsanzira, mai Eliza mpaka misozi.

A Tausi anaika kapu pansi bwinobwino, nakonza mpango wawo.

"Mayi," a Binali anatseka foni ndi chikhato, "linali sewero chabe. Mawuwo ankachita kundilembera. Tinkafuna anthu aone kuti khalidwe limenelo ndi loipa. Ine sindinalandepo ngakhale supuni ya munthu, funsani Chipoka yense."

"Ndikudziwa, bambo. Sindine mwana," anayankha a Tausi, osakweza mawu. "Alamu anga ankalikonda sewero lanulo, osaphonya. Bambo a Ahmad atamwalira, tisanachite n'komwe sadaka, alamuwo anabwera ndi anyamata ndi makwerero. Anaima pabwalo panga n'kunena mawu omwewa, osasiyako limodzi. Ndi kuseka komwe anakutsanzirani. Anyamata aja padenga anafa nacho chikhakhali. Ine ndili pansi pa mtengo wa mango, uyu ali kumsana."

Ahmad anati, "Amayi..." koma a Tausi anapitiriza.

"Ndinabwera ndikuganiza kuti mwina ndipirira. Mwana wanu ndi wabwino, ndamuona. Koma taonani." Analoza mitu ija pampanda. "Pa chikwati adzakupemphani museke. Mdzukulu akadzabadwa, adzamutcha kachikwanje. Ine ndidzakhala pati?"

Mayiwo sananame. Anthu aja adzapemphadi, ndipo ngakhale iwo atakana, wailesi inasunga.

A Tausi anatsazika mwaulemu wonse, navala nsapato zawo. Anthu pachipata anawapatukira osadziwa n'komwe chimene chachitika. Ahmad anatsalira pang'ono, akuyang'ana kukhomo kumene Asma anaima, kenaka anatsatira mayi ake. Asma sanalire. Anatola makapu, natola mbale ya zitumbuwa, nalowa m'nyumba osawayang'ana bambo ake, ndipo zimenezo zinawawawa a Binali kuposa kulira.

M'chikhato mwawo foni inali ikulankhulabe. Anaibweza kukhutu.

"Halo? Omvera akudikira! Malume Chikwanje, mulipo?"

A Binali anayang'ana chipata, nayang'ana chitseko chimene mwana wawo anatseka.

"Ndilipo," anatero. "Nanga ndipita kuti?"

Pampanda anthu anaseka, naomba m'manja.