Mikanda Yotola Pamchenga

Aphunzitsi a Wanangwa anali a kumpoto, ndipo ankaphunzitsa mbiri yakale pa sekondale yoyendera kufupi ndi Nkhulambe. Ntchito yowawa, inu! Kuuza ana za Aluya ndi Amwenye amene ankabwera pa zombo ku Kilwa ndi ku Sofala zaka mazanamazana zapitazo, chikhalirecho anawo alibe ndi pogona pomwe. Napolo anali atatsika m'phiri miyezi iwiri m'mbuyomo n'kukokolola nyumba, minda ya nandolo ndi anthu. Mabuku a mbiri onse anasanduka phala.

Mwa ana onse a Fomu 3, mtima wawo unali pa Zelifa. Mtsikanayu anali wa mutu wakuthwa, koma mayi ake anapita ndi madzi ndipo thupi silinapezeke. Bambo ake, a Makina, anati za sukulu basi, akhale pakhomo azilera ang'ono ake. A Wanangwa anapalasa njinga katatu kukachonderera. Ulendo wachitatuwo a Makina anati, "Mtengeni sabata imodzi. Akapanda kuona phindu lake, musadzabwerenso."

Lolemba Zelifa anangokhala kumbuyo, maso pazenera. Lachiwiri chimodzimodzi. A Wanangwa anayankhula mpaka kukhosi gwaa, kufotokoza kuti amalonda akalewo sankasinthana katundu yekha, ankasiyirananso mawu, zakudya, kavalidwe ndi mapemphero. Owen, mnyamata wa pakamwa, anakweza mkono.

"Aphunzitsi, zimenezo zinafika kuno? Kuno ngakhale minibasi imakana kubwera."

Kalasi yonse inafa nacho chiseko, kupatula Zelifa.

Lachitatu poweruka, akuwoloka mtsinje pomwe napolo anaunjika mchenga, a Wanangwa anaona kanthu kakung'anima. Mikanda! Yofiira, yoyera, yabuluu, ili pa ulusi wake, matope okhaokha. Ku koleji anawerenga kuti mikanda ya ku India inkalowa mpaka kumtunda kuno posinthana ndi minyanga ya njovu. Madzi afukula zamakedzana, anatero mumtima. Koma abale, munthu wophunzira akati apuse amaposa tonsefe. Ulusi wanji ungakhale m'dothi zaka mazana osaola? Sanadzifunse. Ankangoona Zelifa akudzutsa mutu. Komanso tinene, bambowa anali asanakwatire, zina za mikanda sankazidziwa.

Lachinayi analowa m'kalasi akumwetulira.

"Owen, unkafunsa ngati zinafika kuno. Nazi! Gwirani nonse, mupatsirane."

Koyamba chibwerere napolo, ana anatong'ola maso. Anyamata analimbirana mikandayo, Owen n'kuiyesa m'khosi, akudabwa kutalika kwake. Atsikana anayang'anana n'kuzolika, koma aphunzitsi ankayesa ndi chidwi. Ndipo Zelifa anadzutsadi mutu. A Wanangwa anasangalala kwabasi.

Mikanda itafika kumbuyo, sinapitirire. Zelifa anaiyendetsa m'zala mpaka anapeza mfundo.

"Aphunzitsi, mwaitola kuti?"

"Pamchenga, kumunsi kwa mlatho wogumuka uja. Tangoganiza, Zelifa, inawoloka nyanja yamchere kuchokera..."

"Inachokera ku Migowi," anatero mtsikanayo motsitsa mawu. "Tinakagula tsiku la msika. Ulusiwu ndi wa thumba la feteleza, mfundoyi ndinamanga ndine. Ndi ya m'chiuno mwa amayi."

Owen anapukuta manja pa thalauza. Manyazi anawagwira a Wanangwa. Mikanda yoonedwa ndi mwamuna wa munthu yekha, iwo aiyendetsa m'manja mwa anyamata makumi awiri.

Zelifa sanalire. Anang'amba tsamba la kope lomwe anali atangolembapo kuti Kilwa, anakulungamo mikandayo, n'kutuluka. Kope analisiya pa desiki.

Loweruka kunali maliro. Mikanda anaikulunga mu nsalu yoyera n'kuiika m'kabokosi kakang'ono ngati ka khanda, poti panalibe china choika m'manda. A Wanangwa anaima kutali, pansi pa mtengo wa mango. Anthu akubalalika, a Makina anawalondola n'kuwapatsa dzanja.

"Zikomo aphunzitsi, mwatipezera mayi a ana. Tsopano tili ndi pokalira." Anapuma kaye. "Koma mkazi wanga mwamuonetsa kwa ana a eni. Mwanayu akawayang'ane bwanji anzakewo? Sabata yanu yatha."

A Wanangwa anayang'ana komwe kunali Zelifa. Anali atabereka mng'ono wake kumbuyo, akutolera mbale pamodzi ndi amayi a m'mudzi, ndipo sanatembenuke.

Lolemba anaphunzitsabe za zombo ndi mphepo yozikankha, mawu akungotuluka okha. Palibe anaseka, palibe anafunsa funso. Kope la Zelifa analisunga m'chikwama chawo mpaka teremu inatha, koma palibe anabwera kudzalitenga.