Voti Yopanda Dzina

Kutatsala masiku atatu kuti gulu la alimi a nshawa, kapena kuti mtedza, la kufupi ndi Sinda lisankhe wapampando, Mayi Idah Sakala anauza mwana wawo Ruth kuti iwo savota. Opikisana anali awiri: alamu awo a Tobias, ndi mnzawo wa kukwaya, a Loveness. Chaka chino voti inali ya pa foni, ndipo ankaopa kuti foniyo idzaulula amene amusankha.

Mtima wawo unali ku masiku akale. Gululi linayambira pansi pa mtengo wa mango, alimi khumi ndi awiri okha, malemu amuna awo a Reuben akulemba mayina m'kope la sukulu. Anthu ankabwera ndi nzimbe, msonkhano nkuyamba ndi nyimbo. Povota ankangokweza manja.

Koma Mayi Idah ankakumbukiranso china. Chaka china a Reuben sanakwezere dzanja a Alick, mnzawo wa paubwana, ndipo a Alick anaona. Anthu awiri amene ankawetera limodzi ng'ombe anasiya kupatsana moni. A Alick anadzapondanso pakhomo pa a Reuben tsiku la maliro a mnzawoyo.

Ruth anaitana a Brenda, alangizi a bungwe lothandiza gululo. Anawapeza Mayi Idah akusenda nshawa pakhonde, nakhala nawo pamphasa. Anafotokoza kuti njira yatsopanoyi imatchedwa umboni wosaulula chinsinsi: munthu amatsimikiza kuti chinthu ndi choona popanda kuonetsa china chilichonse.

"Tiyerekeze kuti membala aliyense ali ndi kiyi wotsegula loko wa gulu," anatero a Brenda. "Inu mwatsegula lokoyo kuseri kwa chitenje. Ine ndaona loko wotseguka, ndadziwa kuti ndinu membala. Koma nkhope yanu sindinaione, kiyi wanunso sindinamugwire."

Anati foni imachita zomwezo ndi masamu. Imatsimikiza kuti wovotayo ndi membala ndiponso kuti wavota kamodzi, osatchula dzina. Mavoti amalembedwa m'kaundula wotchedwa bulokutcheni, wosungidwa m'makompyuta ambiri, kotero munthu mmodzi sangafufute kapena kuonjezera. Powerenga, makina amatulutsanso umboni woti sanalakwitse, ndipo aliyense akhoza kuuyesa.

"Nanga alamu anga akakunyengererani inuyo?" anafunsa Mayi Idah.

"Ndilibe chowauza, amayi. Nanenso sindiona."

A Brenda anawachenjeza kuti nambala yawo yachinsinsi yovotera, yomwe ndiye kiyi uja, asapatse munthu, ngakhale Ruth, komanso avote ali okha. Anatinso si zonse za pa foni zimene zimabisa chonchi, choncho azifunsa kaye.

Loweruka Mayi Idah analowa m'nyumba, natseka chitseko, navota. Pamsonkhano wolengeza zotsatira, a Loveness anapambana, kuposa a Tobias ndi mavoti asanu. A Tobias anakayikira, koma atayesa umboniwo pa foni yawo, a Brenda akuwasonyeza, anavomera pamaso pa onse. Pobwerera kumudzi anawanyamula Mayi Idah pa njinga, nawafunsa moseka kuti anavotera ndani.

"Palasani, alamu, dzuwa likutentha," anayankha, ndipo onse anaseka.

Tiphunzirepo: kutsimikiza kuti ndinu woyenera sikufuna kuti muulule zonse. Musanalembetse kapena kuvota pa foni, funsani zimene zidzaoneke ndi amene adzazione. Ndi ufulu wanu, ndipo nambala yanu yachinsinsi ndi ya inu nokha.