Nsalu ya M'kati mwa Msoko

Ine ndine telala, ndipo lamulo langa ndi limodzi: ndikamabweza chovala sindidula nsalu. Ndimaipinda m'kati mwa msoko n'kuisiya momwemo. Thupi la munthu silimva, lero lapita mawa labwera, ndiye umayenera kulisiyira malo. Makasitomala akadandaula kuti msoko wanenepa, ndimawauza kuti matelala ndi ambiri mumsewu muno, akasoketse kwina.

Mwana wanga wotsiriza, amene tonse timangomuti Chitsiriza, atapeza ntchito kusitolo ya mankhwala ndinamusokera diresi lobiriwira la mabatani kumsana. Linamukhala bwino zedi. Anali mwana wathupi, wamasaya, woseka mokweza moti aneba ankadziwa kuti wafika. Kenako wina kuntchitoko anamuseka kuti akutchinga mashelefu. Sindikumudziwa munthuyo, ndipo kuli bwino kuti ndisamudziwe.

Chitsiriza anagula kasikelo ka kukhitchini, ndipo mufoni mwake anaikamo chowerengera makalori, timanambala tonena kuti chakudya chinenepetsa bwanji. Nthochi ankaisenda, kuiika pasikelo, kufunsa foni, kenako n'kuidula pakati. Dzira ankadya koyera kokha. Ndikamakazinga anyezi ankaima kumbuyo kwanga ngati wapolisi.

"Amayi, mafuta mwathira masupuni angati?"

"Ndathira ndi dzanja, iwe. Ndinakulera ndi dzanja lomweli."

"Ndiye ine sindidya."

Poyamba tinkaseka. Mchimwene wake ankati foniyo tiziiyikira mpando patebulo, poti ndi imene ikudya. Ndipo anthu mumsewu ankamuyamikira kuti wakongola, wasanduka mtsikana wa pa TV.

Diresi lija linabwera pa makina anga kuti ndilibweze. Ndinabweza. Patapita nthawi linabweranso, n'kubweranso. Ulendo uliwonse ndinkapinda nsalu m'kati, mpaka misoko ya m'mbali inakhuthala ngati chingwe.

"Amayi, dulani nsaluyi, ikundinenepetsa," anatero tsiku lina atadziyang'ana pagalasi la mushopu mwanga.

"Sindidula. Udzaifuna."

"Ine kumeneko sindidzabwererakonso."

Ndinamuyang'ana kumsana pomumanga mabatani, mafupa ali ndondondo. Kuseka kuja kunali kutatha kalekale. Kukatentha iye ankavala juzi. Tsitsi linkatsalira m'chipeso. Ndinakalipa, ndinanyengerera, sikelo ndinaibisa mudengu la zidutswa za nsalu, iye n'kugula ina. Ndinachita mantha, ine amene sindiopa munthu.

Anakomoka kuntchito masana ena, akutsitsa katoni. Kuchipatala adokotala anandiuza kuti mtima wake watopa, ndipo matendawa sali m'thupi mokha, ali ndi m'maganizo momwe. Anati kumukalipira sikungathandize. Anayamba kukaonana ndi mlangizi, mayi wina wofatsa amene ananena kuti pakhomo pathu manambala achoke: sikelo, chowerengera cha mufoni chija, ngakhale mapepala a pamapaketi a zakudya. Mchimwene wake ankamata mapaketiwo ndi selotepi yakuda osanena nthabwala iliyonse.

Zinayenda pang'onopang'ono. Tsiku lina amadya, tsiku lina amalira mbale ili patsogolo, milomo ikuyenda yokha. Ndinkadziwa kuti akuwerengera mumtima, poti manambala ajawa anali atawaloweza. Koma masaya anayamba kubwerera, ndipo anauzidwa kuti atha kuyambiranso ntchito.

M'mawa wina analowa mushopu atanyamula diresi lija pamkono.

"Amayi, mabatani sakumangika."

Chimwemwe chimene ndinamva, ndinatsala pang'ono kululutira. "Bwera nalo kuno, imeneyo ndi ntchito yochepa. Si ndinakuuza kuti udzaifuna?"

Ndinalitembenuza kuti ndimasule msoko. M'katimo munalibe kanthu. Nsalu yonse imene ndinkasunga ija inali itadulidwa pafupi penipeni ndi ulusi, mokhotakhota, mmene amadulira munthu wosadziwa kugwira sizasi. Mbali zonse ziwiri.

"Ndinadula ndine," anatero motsitsa mawu. "Kalekale, musanapite nane kuchipatala. Ndinatenga sizasi yanu muli kumsika."

Ndinaliika diresilo pamiyendo. Ndinamva chisoni chimene sindinamvepo ngakhale tsiku limene anakomoka. Mwana wanga anaima pano yekha, mushopu mwanga, ndi sizasi yanga, n'kudzitsekera njira yobwerera.

"Palibe kanthu, amayi," anatero msangamsanga, akusisita nsaluyo. "Langotsala pang'ono kuti likwane. Ndikangosiya buledi wam'mawa sabata ino..."

"Ayi!"

Ndinakuwa mpaka wometa tsitsi wa khomo linalo anasuzumira. Ndinalipinda diresilo n'kuliponya pansi pa tebulo, pamene pamakhala zidutswa.

"Ndikusokera lina. Ima apa."

Dzanja langa linapita lokha pa tepi yoyezera imene imakhala m'khosi mwanga, ndipo ndinaona maso ake akuitsatira, akusaka manambala. Ndinaivula n'kuitsekera mudirowa. Ndinang'amba kansalu koyera, kakatali, kopanda cholembedwa chilichonse. Ndinagwada patsogolo pake n'kumuzunguliza kansaluko m'chiuno, kuti pokumana nsonga ndiikepo chizindikiro ndi choko.

Pansi pa zala zanga ndinamva mimba yake ikulowa m'kati. Anali atagwira mpweya.

"Puma, mwana wanga," ndinatero. "Sindilemba mpaka upume."

Misozi yake inagwera pamkono panga. Mawondo anayamba kundiwawa pasimenti paja, choko chili m'manja, koma sindinadzuke. Ndinadikira.