Mtengo wa Penti pa Bolodi

Mayi a Sayansi anaima pakhomo la kalasi Lolemba m'mawa, kukamwa kuli yasa. Bolodi lonse linali litatsukidwa. Pamene panali manotsi awo panali chimtengo cha penti wobiriwira, masamba ake ali zikhatho za ana.

Manotsi amenewo sanali amasewera. Pasukulupo panalibe buku la sayansi la kalasi yomaliza. Mayiwa anachita kukabwereka limodzi kusukulu ya kuseri kwa phiri, ulendo wapansi wa maola atatu, ndipo anaswera Loweruka lonse akukopera pa bolodi mpaka phewa kuchita dzanzi. Lamulungu anakabweza buku la eni. Mayeso anali atatsala masabata awiri, ndipo ana anali asanakopere ngakhale mzere umodzi.

Wochita zimenezi sanali wosowa. Anali mphunzitsi wongodzipereka uja wochokera kunja, amene ana anamupatsa dzina loti Mwetulirani, poti ndi mawu okhawo a chiyankhulo chathu amene anawagwira bwinobwino. Mwezi wathunthu chibwerere anali asanamalizepo phunziro, koma foni yake inali itajambula zonse: mbuzi, chimbudzi, ngakhale zidendene zong'aluka za mlonda. Ati kumeneko ndiye kuphunzira chikhalidwe cha anthu.

Analowa akudumphadumpha ngati mwana wambuzi. Anafotokoza kuti bolodilo linadzaza ndi zolemba zakalekale, kalasi inalibe chimwemwe, ndiye dzulo anasonkhanitsa ana apafupi kuti adzadabwitse aphunzitsi awo.

A Hedi, amene anayamba kuvala tayi tsiku limene mlendoyo anafika, anawomba m'manja.

"Musakwiye, mayi," anatero chapansipansi. "Paja mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa."

"Kakuthwadi, a Hedi. Kameta ndi khutu lomwe."

Mayi a Sayansi anamuyang'ana mtsikanayo kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato zake zoyera, ndipo mumtima anamupeputsa kwambiri. Munthu wodzitcha mphunzitsi, osadziwa kusiyanitsa manotsi ndi zinyalala. Koma Mwetulirani sanaone kanthu. Anapitiriza kunena kuti chimene ankalakalaka asanabwerere kwawo n'kulawako moyo weniweni wa mphunzitsi wakuno.

"Zimenezo n'zosavuta, mwanawe," anayankha mayiwo mofatsa. "Mawa ulawirire."

Ananyamuka dzuwa lisanatuluke, kulowera kusukulu ya kuseri kwa phiri ija. Ola loyamba mlendo anajambula miyala ndi mbalame. Ola lachiwiri foni inalowa m'thumba. Lachitatu anakhala pamwala n'kuvula nsapato, matuza ali mbwee, ndipo anafunsa ngati kulibe galimoto. Mayi a Sayansi anamuuza kuti ilipo, ndi imene wangoivulayo.

Kusukulu kuja mphunzitsi mnzawo anakana kutulutsanso bukulo, poti naye ana ake ankalifuna. Anawapatsa benchi, ndipo anakopera pamanja masamba makumi awiri, mlendo akulemba theka lake, lilime lili panja. Tsiku lotsatira anapala penti uja ndi mipeni, chifukwa madzi anamulephera. A Hedi sanaoneke, akuti anali ndi msonkhano.

Lachinayi ana anakhala pansi ndi makope awo. Masiku atatu anali atapita, ndipo mayiwo ankadziwa kuti mutu womaliza saufikanso mayeso asanayambe. Zimenezo zinkawapweteka kuposa miyendo.

Anapereka choko kwa mlendo, n'kumulozera mpando woti akwerepo. Mtsikanayo analemba mizere khumi yokha. Fumbi la choko linamudzaza m'tsitsi, thukuta ndi misozi zikutsikira pamodzi, ana kumbuyo akudandaula kuti zilembo zake sizikuwerengeka.

Foni ija inali patebulo. Mayi a Sayansi anaitola, anabwerera m'mbuyo pang'ono kuti bolodi lokandikakandikalo lioneke lonse, n'kuikweza.

"Mwetulirani," anatero.