Zibade Ziwiri za Agalu

Lolemba pa 4 Malichi, Namabotolo anakwirira mitu iwiri ya agalu, uliwonse m'ndowa yakeyake, kuseri kwa chipinda chogwiriramo ntchito. Loweruka pa 9 kunagwa mvula, ndipo zilembo za choko zimene analemba pandowazo zinafufutika.

Dzina lakuti Namabotolo anamupatsa ndi anthu a mumsewu wawo chifukwa cha ntchito yake. Amatenga botolo lalikulu lagalasi, pansi n'kuyala timiyala, kenako makala osinja, kenako dothi. Amabzalamo ndere ndi tizomera tosatalika, pakati n'kukhazikapo chibade cha nyama. Ogula amakaika pabalaza. Mutu sauwiritsa, chifukwa mano amang'aluka. Amaukwirira masabata asanu ndi limodzi, tizilombo tam'dothi n'kudya mnofu wonse.

Mutu umodzi unachokera kwa dokotala wa ziweto, wa galu wopanda mwini amene anafa ndi matenda. Winawo anabwera nawo Aphunzitsi, bambo wopuma pantchito, ataukulunga m'thaulo, kuti awapangire botolo. Galuyo anali wa akazi awo, amene anamwalira mu Novembala. Agalu onse awiri anali aakazi, a msinkhu umodzi.

Tsiku la mvulalo Namabotolo kunalibe. Mlamu wake, mlongo wa mwamuna wake, anasamutsira ndowazo pakhonde kuti zisadzaze madzi. Sanakumbukire kuti ndi ndowa iti imene inali kumanzere.

Pa 15 Epulo Namabotolo anafukula zibadezo, anazitsuka ndi mswachi, n'kuziyanika pathebulo. Anaziyeza ndi tepi. Zinali zofanana, kupatula chinthu chimodzi: china chinali ndi dzino lalitali lakumtunda lothyoka. Pokwirira sanayang'ane m'kamwa mwa agaluwo. Anaimbira dokotala uja, ndipo nayenso anati sanayang'ane.

"Ingowapatsani cha mano onsechi, alamu," anatero mlamu wake ataima pakhomo. "Fupa ndi fupa. Lidzauwa kuti si ine?"

"Silidzauwa."

"Ndiye vuto n'chiyani? Msewu wonse umati ndinu mfiti. Lero mukufuna mukhale mngelo?"

"Tandipatsirani guluuyo," anatero Namabotolo. Anayamba kumata mano ogwedera, limodzilimodzi, pazibade zonse ziwiri.

Aphunzitsi anafika Lachisanu pa 19, nthawi ya 10 koloko m'mawa, atavala jekete. Botolo lawo linali lokonzeka kale, ndere zitayalidwa, pakati pali malo opanda kanthu. Namabotolo anawakokera mpando ndipo anawauza zonse motsatana: choko, mvula, khonde. Mawu ake sanakwere. Iwonso anamvetsera ngati akumva za nyengo pawailesi.

"Galu wanu anali ndi dzino lothyoka, bambo?"

Aphunzitsi anavala magalasi. Anayang'ana chibade chakumanja, kenako chakumanzere.

"Sindikudziwa."

"Munakhala naye zaka zingati?"

"Khumi ndi chimodzi. Ankamudyetsa ndi mayi. Ntchito yanga inali kumuthamangitsa pampando."

"Nanga mayi atatisiya?"

"Ndinkaika mbale pakhomo n'kutseka chitseko."

Anatola chibade cha dzino lothyoka, anachitembenuza, n'kuchibwezera pomwe chinali. Anapukuta zala pathalauza ngakhale zinalibe fumbi.

"Tengani zonse ziwiri, bambo," anatero mlamu uja. "Mwa ziwirizo chimodzi n'chanu ndithu."

"Mayi sankalola agalu a eni kulowa m'nyumba," anayankha Aphunzitsi. Sanaseke, ndipo mlamuyo anameza kuseka kwake.

Kunja kunadutsa galimoto ya zinyalala. Onse atatu anadikira phokoso lithe. Namabotolo anatenga nsalu n'kuyamba kupukuta galasi la botolo, limene linali loyera kale.

"Mwana wanga ali ndi zithunzi," anatero Aphunzitsi patapita nthawi. "Ankamujambula galuyu atayasamula, ati akuseka. Zili m'foni mwake."

"Muimbireni."

"Sayankha. Chiikireni maliro a amayi ake sitinalankhulane. Akuti ndinachedwa kuwatengera kuchipatala."

Sananene ngati anachedwadi, ndipo palibe anawafunsa. Anatulutsa foni, analemba ndi chala chimodzi, anafufuta, analembanso. Kenako anawerenga mokweza ngati ali m'kalasi: "Mwana wanga, galu wa amako anali ndi dzino lothyoka?" Anatumiza nthawi ya 10:40. Anakhala pampandopo mpaka 11:15, foni ili pabondo, kenako anatsanzika.

Namabotolo anaika zibadezo pashelefu, chilichonse atachimangirira kachitsulo ka nambala. Botolo amalithira madzi pang'ono Lolemba lililonse. Ndere zayamba kutseka malo apakati, ndipo wazidula kawiri.

Aphunzitsi anadutsa Lolemba pa 6 Meyi, koma sanalowe. Anaima pazenera n'kumuonetsa foni. Uthenga uja unawerengedwa pa 19 Epulo, nthawi ya 10:42. Yankho silinabwere.