Mwana wa Sivka Sanabadwe

Mwamuna wanga Gencho atatsala pang'ono kutsirizika anandigwira dzanja, nati mwana amene Sivka, nkhosa yathu yomaliza, adzabereke, adzaphedwe pa tsiku la Georgi Woyera, anthu adye pokumbukira iye Genchoyo. Ndinavomera. Womwalira sanamizidwa.

Koma Rumen, mwana wobereka ndekha, amene amasesa makola kwa ofufuza zamankhwala kutauni kuja, anabwera ndi galimoto ine ndili kutchalitchi. Anainyamula Sivka ndi bere lake.

"Angoibwereka, amayi," anatero pafoni. "Akufuna nkhosa yodziwika tsiku limene inakweredwa."

"Nkhosa ya bambo ako ndi khasu lobwerekana, chitsiru iwe?"

Ndinakwera basi. Sivka ndinaipeza m'kakhola kosatheka kutembenukamo, mimba yometedwa, yosokedwa ngati thumba la mbatata. M'nthiti anaisokerera kachikwama kansalu. Itandimva mawu inalira.

Dokotala wake, kamtsikana dzina lake Velichka, anatsegula kachikwamako n'kutulutsa kachubu kopyapyala.

"Agogo, aka kafika mpaka mumtsempha wa kamwana m'mimbamo. Timadutsitsiramo mankhwala tsiku ndi tsiku. Zikatheka, ana a anthu odwalira m'mimba azidzachira."

"Agogo ako ali kwanu. Kabadwa liti?"

Velichka anayang'ana Rumen, amene ankasesa chapafupi. Rumen anayang'ana tsache lake.

Dokotalayo anati, "Sikabadwa, mayi. Tikamaliza timazipha zonse ziwiri kuti tione ziwalo."

"Zulani chingwe chanucho, ndiitenge."

"Tikazula, magazi atayikira m'kati. Ifera panjira."

"Ndiye mudzandipatse nyama yake."

"Ili ndi mankhwala. Timawotcha."

Ankayankhula mwaulemu, ndipo ulemuwo ndi umene unandinyansa. Mwina ana a anthuwo adzachiradi. Sindikukana. Inenso ndinataya wina m'mimba, Rumen asanabadwe, ndipo akanandifunsa mwina ndikanaipereka ndi manja anga. Koma ndani anandifunsa? Wamasiye safunsidwa, amangouzidwa.

Pa tsiku la Georgi Woyera Rumen anabwera ndi kankhosa kakubutchala, kosendedwa kale, m'pepala la pulasitiki.

"Nyama ndi nyama, amayi. Bambo sadziwa."

"Ndikawauza ndine."

Ndinamutsekera geti. Kumanda ndinapita ndekha, ndi buledi ndi kabotolo ka vinyo. Ndinathira vinyoyo pamutu pa manda.

"Gencho, chaka chino udya buledi wouma. Ukafuna kudziwa chifukwa, umuyendere mwana wako kutulo."